Mpando Woyang'anizana ndi Apongozi

Kalata yondiitanira ku kosi ya uphunzitsi inandipeza ndili ticha wongogwirizira pa sukulu ina ku Shimabala. Ntchitoyo ndinali ndisanaiphunzire. Ndinangomaliza Fomu Thuu, n'kugwira miyezi ingapo ku fakitale ya nsalu, kenako n'kuchokako nditatukwanizana ndi kapitawo pa nkhani ya belo la nsalu limene sindinagwetse ine. Ndinali wa mtima wapachala, ndipo mpaka lero sindinachire kwenikweni. Potuluka pageti la fakitale ndinalumbira pamaso pa anthu kuti phazi langa silidzapondaponso. Kulumbira n'kosavuta munthu usanakwatire.

Kalatayo sinabise mawu. Ticha wongogwirizira amene sapitirira pa kosiyi, ntchito yake ithera pomwepo. Pamene ndinkaiwerenga n'kuti mkazi wanga ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ine ndinalibe kwina kopita.

Zaka zimenezo, ufulu utangobwera, Kafue inkakula tsiku ndi tsiku. Nyumba zatsopano zinkamera kumene kunali tchire, anthu ankatsika sitima ndi mitolo pamutu kudzafuna ntchito ku fakitale ya nsalu ndi ya feteleza, ndipo ana awo ankadzaza makalasi mpaka ena kukhala pawindo. Kunabweranso lamulo loti mwana ayambe kuphunzira m'Chingerezi kuchokera Giredi Wanu. Choncho aticha a makalasi ang'onoang'ono ankafunika kuphunzitsidwa njira yatsopano yophunzitsira ana kulankhula, kuwerenga ndi kulemba. Ankaitana ongogwirizira ngati ine, ankaitananso aticha akale kuti akawasule mwatsopano. Mbali yachiwiriyi sindinaiganizire n'komwe mpaka mkazi wanga atandiuza, tikubwera kumsika Loweruka.

“Bamayi nabo baitanidwa,” anatero. “Kosi yamene iyo, holo imozi.”

Ndinaima panjira, nsomba za ku Chanyanya zili lende m'manja.

Amayi ake a mkazi wanga anali ataphunzitsa Giredi Wanu zaka pafupifupi makumi atatu. Amuna awo, amene ankagwira ntchito ku njanji, anali atamwalira, ndipo ife tinkakhala m'kachipinda kakuseri kwa nyumba yawo. Ndinali mkamwini weniweni, wa m'tauni koma mkamwini ndithu. Iwo ndi ine tonse kwathu ndi kum'mawa, ndipo kwathu mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sadya nawo, satchula dzina lawo. Mukakumana panjira mmodzi amapatuka. Chaka chathunthu pabwalo limodzi, ine ndinkadziwa duku lawo, zidendene zawo ndi chifuwa chawo cha m'mawa, koma nkhope yawo ndinkangoiona chakumbali. Akafuna kuti ndikonze mpopi ankauza mwana wawo, ine ndili pomwepo ndikumva. Si kuti tinkadana ayi. Umenewo ndiwo unali ulemu wathu, ndipo ine ndinkaunyadira.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti holo ndi yaikulu. Iwo akakhala kutsogolo ine ndikhala kumbuyo, basi nkhani yatha.

Lolemba ndinadikira kuti iwo atuluke kaye, n'kutsatira patali. Kosi inkachitikira m'holo ya sukulu ina ya kunyumba zatsopano, nthawi ya holide. Wotiphunzitsa anali mayi wachizungu, wamng'ono msinkhu, woyenda mofulumira, amene ankabwera m'mawa uliwonse kuchokera ku Lusaka. Sanali munthu woipa. Ntchito yake ankaidziwa ndipo ankaikonda, mwina mopitirira muyeso. Anatiuza tsiku lomwelo kuti anthu tachuluka kuposa malo. Pakatha masabata awiri aliyense adzaphunzitsa pamaso pa anzake, ndipo Lolemba lotsatira mayina a opitirira adzamatidwa pachitseko. Anawonjeza kuti amene akuona kuti sangasiye njira zakale anene msanga, asatayitse anzake nthawi. Ponena mawu amenewa maso ake anali kwa aticha achikulire a kutsogolo.

Kenako anafotokoza njira yatsopanoyo. Mwana wa Giredi Wanu, anatero, amaphunzira chilankhulo ndi maso asanaphunzire ndi buku. Uzimuyang'ana m'maso, iye aziyang'ana milomo yako. Uzimutchula dzina lake. Pomuphunzitsa kulemba uzigwira dzanja lake n'kuliyendetsa. Zonsezi ndinalemba m'kope mosangalala, chifukwa zinali zomveka. Ndiye anati tiziyeserera awiriawiri, wina akhale ticha wina mwana, n'kumasinthana. Anati waganiza bwino: aliyense wachinyamata amuphatikiza ndi wachikulire, poti achinyamata tili ndi Chingerezi, achikulire akudziwa ana. Anayamba kuwerenga mayina papepala. Atatchula langa ndinaimirira. Lachiwiri limene anatchula linali la apongozi anga.

Theka la anthu m'holomo linkatidziwa. Kunamveka kachiphokoso kotsika, wina n'kutsokomola chabodza. Mnzanga wina wa ku migodi, amene tinkakhala benchi imodzi, anandinong'oneza kuti, “Mwaona shani, mudala? Lelo muzabaona ba pongozi pa menso.” Ankandiseka kuti lero ndiwayang'ana apongozi m'maso, ndipo ndinkafuna kumuponda chala.

Ndinatenga mpando n'kukauika pafupi ndi wa apongozi, osati moyang'anizana, koma mbali imodzi, tonse titayang'ana khoma. Masiku awiri oyamba tinayeserera choncho. Ine ndinkafunsa khoma m'Chingerezi kuti ichi n'chiyani, iwo n'kuyankha khoma lomwelo kuti ndi kapu. Tsiku lachitatu mayi uja anatiima kumbuyo kwa kanthawi, kenako anagwira mpando wanga ine ndili pompo n'kuutembenuza mpaka mawondo anga atatsala pang'ono kukhudza chitenje cha apongozi. Ndinazika maso pa simenti.

“Yang'anani mwana wanu,” anatero m'Chingerezi. “Mutchuleni dzina.”

Ndinang'ung'udza chinachake chimene ngakhale ine sindinachimve. Iye analemba m'kabuku kake n'kupitirira.

Tsiku lotsatira ndinanyengerera mnzanga wa ku migodi uja kuti tisinthane, iye akhale ndi apongozi, ine nditenge bambo wachikulire amene anali naye. Sitinathe ndi mphindi khumi zomwe. Mayi uja anationa, n'kundibweza pamalo panga pamaso pa onse ngati mwana wothawa kalasi. Anthu anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunandipweteka kuposa mawu ake.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinamupeza mkazi wanga akuanula zovala. Ndinamuuza kuti mawa ndikukamuuza mzunguyo zoona, kuti awa ndi apongozi anga, atisiyanitse. Anapita kukhitchini kukauza amayi ake. Sanachedwe.

“Bakana,” anatero. “Bakuti musakambe.”

“Chifukwa?”

“Bakuti uja muzungu abaona kudala monga nkhalamba ya kumunzi. Akamvela ati ni nkhani ya mwambo, azakamba ati ndiye njila zakudala zamene anakamba. Azabachosa.”

“Nanga ine? Akandichotsa ine, mwana akubwerayu adya chiyani? Mwambo?”

Ndinakweza mawu dala kuti amve kukhitchini, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo pabwalo limenelo. Mkazi wanga anandiyang'ana, zovala zili paphewa, n'kunena motsitsa kuti amayi ake analera ana asanu ndi choko chomwecho, ndipo ngati ine ndili ndi mantha ndisaiwale kuti nawonso ali nawo. Ndinalowa m'nyumba ndili ndi mkwiyo ndi manyazi, osadziwa chachikulu n'chiti.

Sindinanene. Sabata yachiwiri inali yowawa. Zinthu zina zonse za kosiyo zinkandiyendera bwino. Ndinkadula makadi a zilembo pa makatoni a sopo, ndinkajambula zithunzi pabolodi, nyimbo za ana ndinkazigwira msanga. Koma ikafika nthawi ya awiriawiri ndinkasanduka chitsa. Sailini ya ku fakitale ya nsalu ikalira masana, ndinkaimva m'holomo ngati ikundiitana ine, ndipo ndinkadziona nditaima pageti lija, chipewa m'manja, kupempha kapitawo yemwe uja kuti andikhululukire. Lachitatu mayi uja anandiitanira pakhonde. Anati ntchito yanga yolemba ndi yabwino kuposa ya ambiri, koma ticha amene sangayang'ane mwana sangaphunzitse Giredi Wanu. Anati ngati ndikunyoza mnzangayo chifukwa ndi mkazi kapena chifukwa ndi wachikulire, Lachisanu ndidzadzionera ndekha. Kunyoza! Ine amene ndinkapatukira m'matope kuti apongozi angawo adutse pouma. Ndinaluma lilime, n'kungoti ndamva.

Lachisanu m'mawa mkazi wanga anandibweretsera tiyi ali ndi uthenga.

“Bamayi bakuti lelo mubayangane. Mubatomole na zina. Bakuti pa ija awala si bamayi banga, ni mwana wa Giredi Wanu.”

Ndinafunsa ngati anenadi kuti ndiwatchule dzina. Anati anena kawiri, ndipo anawonjeza kuti ndisathamange polankhula, ana sagwira mawu othamanga. Tiyi ndinamwa theka.

Ife tinali achisanu ndi chimodzi kuitanidwa. Mabenchi anali atakankhidwira kumbuyo, kutsogolo kuli bolodi, tebulo la zinthu zophunzitsira, ndi kampando kakang'ono ka mwana. Mayi uja anakhala pambali ndi kabuku kake. Anati ndiyambe ine. Apongozi anayenda pang'onopang'ono n'kukhala pa kampando kaja, mawondo atafika pachifuwa.

Ndinatenga kapu patebulo. Ndinapuma kamodzi, n'kutchula dzina lawo loyamba, dzina limene ngakhale mwana wawo salitchula. Linamveka lachilendo m'kamwa mwanga. Ndinawauza kuti sitandapu. Anaimirira, manja kumbuyo, n'kudzutsa nkhope.

Aka kanali koyamba kuwaona maso ndi maso. Anali ndi kachipsera pamwamba pa nsidze yakumanzere, ndipo maso awo anali a mkazi wanga enieni. Sanaphethire. Anayang'ana milomo yanga monga mmene mwana amachitira, kukamwa kuli kotsekuka pang'ono. Ndinafunsa kuti ichi n'chiyani. Anayankha kuti ndi sipuni, pamene ine ndagwira kapu. Ndinachita kakasi, kenako ndinazindikira kuti achita dala, akundipatsa poti ndikonze. Ndinabwereza mawuwo pang'onopang'ono, iwo n'kutsatira, n'kulakwitsanso pang'ono, ine n'kukonzanso. Atakhoza ndinati anthu onse awaombere m'manja, ndipo anaombadi. Pofika polemba, anatambasula okha dzanja lawo lamanja n'kundipatsa. Ndinaligwira padzanja penipeni, n'kuliyendetsa pabolodi kulemba chilembo chozungulira. Linali lozizira. Mayi uja anagwedeza mutu n'kulemba nthawi yaitali. Ndinadziwa kuti ndadutsa.

Kenako anati tisinthane.

Ndinakhala pa kampando kaja. Apongozi anatenga choko. Amene anawaonapo akuphunzitsa ankati mayi amenewa ankatha kukhazika chete ana odzaza kalasi ndi chala chimodzi. Anayamba bwino ndithu. Mawu awo anali omveka, Chingerezi chawo chosavuta, chithunzi cha nkhuku anachijambula kamodzi n'kamodzi. Koma ankalankhula ku windo. Ikafika poti anditchule dzina ankangoti mwana uyu, ndipo pondiuza kuti ndiimirire ananena motsitsa, ngati akupempha. Mayi uja anawakumbutsa kuti ayang'ane mwana. Anatembenuka theka, maso ali pa nsapato zanga. Ndiye inafika nthawi yogwira dzanja.

Ndinaimirira pabolodi n'kudikira. Iwo anatukula dzanja, linafika pakati, n'kuima. Linakhala m'malere nthawi imene kwa ine inali yaitali kwambiri. Kenako anaika choko patebulo bwinobwino, n'kunena m'Chingerezi kuti, “Pepani, madamu, apa sinditha.”

Ndinamvetsa pomwepo, ndipo aliyense wakwathu m'holomo anamvetsa. Kudzichepetsa iwo pamaso pa mkamwini kunali kwawo, anali ndi ufulu wopereka zimenezo, ndipo anapereka. Koma kutenga mwamuna wa mwana wawo, kumulamula ngati kamwana ndi kumugwira dzanja pagulu, kumeneko kunali kuchepetsa munthu wina, ndipo mtima wawo unakana. Mayi wachizungu uja yekha ndiye sanamvetse. Anawafunsa ngati akudwala. Anati ayi. Anawafunsa ngati sakugwirizana ndi njirayi. Ndiye anatembenukira kwa ine.

“Inu mwakhala nawo masabata awiri,” anatero. “Kodi pali chimene ine sindikuchidziwa?”

Funso limeneli ndalibwereza m'mutu mwanga zaka zambiri. Mawu anayi okha akanakwana: awa ndi apongozi anga. Lamulo lawo loti ndisanene linali litatha ntchito, chifukwa chimene ankaopa chinali chitachitika kale, ndipo chete wanga sakanawateteza ku kanthu. Mwina mayi uja akanaseka, n'kuwapatsa munthu wina kuti ayeserenso. Mwinanso akanakwiya kuti tamunamiza masabata awiri, n'kufafaniza zimene anali atangolemba za ine. Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinayang'ana kabuku kaja kali pamwendo pake, n'kuganiza za geti la fakitale.

“Palibe, madamu,” ndinatero.

Kumbuyo kwa holo mayi wina wachikulire anati “Ha!” mokweza. Apongozi anakonza duku lawo n'kubwerera pamalo pawo.

Kunyumba sanatumize uthenga uliwonse, ndipo chimenecho chinandizunza kuposa akanandikalipira. Mkazi wanga anamva nkhani yonse kwa anthu tsiku lomwelo lisanathe. Sanandifunse. Anandiikira nshima patebulo, n'kukadyera kwa amayi ake. Loweruka ndinakonza mpanda wonse wa kuseri popanda wondituma. Lamulungu kutchalitchi ndinatsimikiza mtima kuti mawa ndilawirira, ndikamudikira mayi uja pamsewu wa ku Lusaka asanalowe m'holo, ndimuuze zonse.

Ndinalawiradi. Koma nditafika ndinapeza pepala litamatidwa kale pachitseko, anthu ataunjikana. Dzina langa linali lachitatu kuchokera pamwamba. Ndinatsika ndi chala mpaka pansi, n'kukweranso. Lawo panalibe. Galimoto ya mayi uja inali itaima pansi pa mtengo, iye akutulutsa makatoni a mabuku. Anandiona, n'kundimwetulira, n'kundikodola kuti ndimuthandize kunyamula. Ndinanyamula makatoni awiri mpaka m'holo, iye ali pambali panga akundiyamikira za Lachisanu. Njira yonseyo pakamwa panga sipanatuluke kanthu koma zikomo.

Apongozi sanabwere n'komwe kudzaona pepalalo. Sukulu zitatsegulidwa anawachotsa ku Giredi Wanu n'kuwapatsa zoti aziphunzitsa atsikana akuluakulu kusoka, ndipo chaka chisanathe anapuma ntchito. Anayamba kuoda masamba ku Shimabala n'kumagulitsa pamsika wa pa boma. Mwana wathu atabadwa anali iwo amene ankamubereka kumsikako. Nkhani ya tsiku lija sanaitchule, kwa ine kapena kwa mwana wawo, mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Ndinkafuna kupepesa, koma mkamwini apepesa bwanji kwa munthu amene sangamuyang'ane? Kutuma mkazi wanga ndinkachita manyazi, poti akanayenera kunyamula mawu oti mwamuna wake anawasiya amayi ake okha pabolodi. Ndinkangoti mawa, mawa.

Nditamaliza kosi, chaka chotsatira ananditumiza pa sukulu yomwe apongozi ankaphunzitsa, chifukwa kunali kusowa ticha wa Giredi Wanu wodziwa njira yatsopano. Ahedi ananditsegulira chipinda chakumapeto kwa khonde, n'kundiuza kuti ndi changa. Tsiku loyamba la temu makolo anafola panja ndi ana awo, ana atameta mipala, ena akulira. Ine ndinakhala patebulo pakhomo kulemba mayina. Pakati pa mzere panali mayi wina wovala yunifomu ya ku fakitale ya nsalu, atagwira kamtsikana padzanja. Atafika kutsogolo anasuzumira m'kalasi, n'kundiyang'ana ine, n'kusuzumiranso.

“Nifuna baja ba ticha bakulu,” anatero. “Ndiye banaphunzisa bana banga bonse, na ine wamene. Bali kuti?”

Ndinamuuza kuti anapuma. Anafunsa ngati anadwala, ndinati ayi. Anaima pang'ono, akuoneka kuti akuganiza zomubweza mwanayo. Kenako anamukankhira kutsogolo mosafuna, ine n'kufunsa dzina lake n'kulemba.